Mapiko Osakwana Pachithunzi

Chinatuluka m'sutikesi yachitsulo
tsiku lomwe tinkasamutsa amayi ku Ndirande,
chitapanikizika pakati pa chiphaso cha msonkho
ndi khadi la kusikelo la mwana amene sanakule.
Njenjete zinadya mitambo yonse yakumanzere.
Kunatsala ndege, azungu atatu manja m'chiuno,
ndi munthu wakuda atanjuta pambali pa tayala,
theka la nkhope litamira mumthunzi wa phiko.

Amayi akuti, agogo ako a Layisoni amenewo.
Amalume akuti bodza, makutu a bambo sanali otero.
Kuseri kwake inki yofiirira ngati Mudi m'dzinja:
maina atatu athunthu,
kenaka kamawu kamodzi kotanthauza mnyamata.

Ndinakwera minibasi ya ku Chileka
kukafuna a Makwinja, amene anakalambira kunsi kwa mimba za ndege,
zaka makumi atatu sipanala ili m'manja.
Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga,
maso atayera ng'ala.
Chithunzicho anachisisita ndi chala, nachinunkhiza,
nandibwezera.

"Maso ndi akowo. Ine ndizifunsa.
Injini zingati?"
Imodzi, pamphuno.
"Masamba a pulopela?"
Awiri. Ayi, atatu, lina labisala kuseri kwa chipewa.
"Usathamange. Mapiko ngosanjikiza
ngati mabedi a kusukulu yogonera konko?"
Ayi, lina uku lina uku,
koma pepala latha iwo asanathe.
Chitsononkho chinaima m'manja mwawo.
"Kamtayala kakang'ono kali kuti?"
Kumchira. Yakhala pansi ngati galu wodikira fupa.
"Pamsana?"
Malinunda awiri, onse agalasi.
"Kunsi kwa phiko, pali cholendewera ngati kabwato?"
Chilipo. Ndimayesa ndi pomwe panagwera madzi.

Anaseka, mano atatu onse panja.
"Welesile.
Sindinaigwirepo, inatha ndisanadziwe bawuti.
Ndinaiona m'buku lopanda chikuto
lomwe injiniya wina anaiwala pa benchi,
buku lomwe chiswe chinandilanda chaka cha Napolo.
Nthiti zake zolukana ngati dengu,
pamwamba nsalu basi, yopaka penti.
Anthu ankakwera dengu kupita kukapha anzawo!
Ngati ili yomweyo,
munthu wakoyo anali kumpoto, kunkhondo ya Ataliyana,
osati ku Bama komwe banja lanu limaloza.
Koma wamva? Ndati ngati."

Nanga munthuyu, ndinatero, mungamudziwe bwanji?

Ndege ina inadutsa chapansi, malata ananjenjemera,
iwo anaitchula dzina osadzutsa mutu,
nadikira phokoso lithe.
"Ndege amailemba nambala kumchira.
Ife ayi.
Wagwira chiyani m'manjamo?"
Ndinayandikitsa chithunzi kudzuwa.
Chingwe. Chamangidwa ku chipika chamatabwa
chotsamira tayala.

Anakhala chete nthawi yoti nkhuku ziwiri
zinafika mpaka m'lichero.
"Ameneyo ndiye wochotsa mpiringidzo.
Injini ilire mpaka isase mawu,
iye asanakoke chingwecho ndege sisuntha.
Fumbi lonse limathera m'kamwa mwake.
Ntchito yanga yoyamba inali imeneyo.
Phewa lakumanja limatsika, silibwereranso.
Agogo akowo ankayenda bwanji?"

Sindinawaone.
Ndinaimbira amayi, mayunitsi anathera pa moni.

Pobwerera tinaima nthawi yaitali pa Kameza,
kondakitala akukangana ndi mayi wa matumba a makala.
Michiru inali itavala utsi.
Ndinabwereka pensulo kwa mwana wasukulu,
ndi kutsamiritsa chithunzi pabondo.
Pansi pa maina atatu aja ndinalemba:
Welesile, mwina.
Pansi pa kamawu kaja:
Layisoni Mpoya, mwina.
Minibasi inagwa m'dzenje, chilembo chomaliza chinakhota.

Mawa ndikafunsa amalume za phewa.
Iwo akayamba ndi makutu.